Buku la Misa ya Chilatini la 1962, mmene ndalionera

Abale ambiri mwakhala mukundifunsa za buku lakuda lija ndinaika pa WhatsApp, ena kumati kodi ndi Baibulo latsopano, ayi si Baibulo, ndi buku la Misa yakale ija ya Chilatini monga anaisiyira Papa John XXIII mu 1962, Misa imene tinaizolowerayi isanabwere, poti iyi inayamba ndi Papa Paul VI mu 1969. Ndinaligula mu kashopu kakang'ono kuno ku London kogulitsa makolona, makandulo ndi zithunzi za anthu oyera, ndipo ndinalipira mapaundi opitirira 50, mtima unagunda kaye ndisanatulutse khadi chifukwa ndalama imeneyo ndi ya thukuta la shifiti ya usiku. Pano ndaligwiritsa ntchito miyezi isanu ndi umodzi ndiye nditha kunenapo kanthu.

Chinandikokera ndi agogo anga aamuna. Anakulira kufupi ndi mishoni ya Mua ku Dedza, imene ansembe a White Fathers anatsegula mu 1902, ndipo ali mnyamata ankatumikira paguwa. Sukulu sanapite nayo patali, Chingerezi sankachimva, koma akamasema mpini pakhonde mumangomva ayamba okha chapansipansi, Introibo ad altare Dei, kenako kudziyankha okha, ad Deum qui laetificat juventutem meam. Ife ana tinkangoti ndi zachikulire. Tsiku loyamba kulowa Misa imeneyi ku Brompton Oratory, tchalitchi cha Katolika kuno ku London, ndinawamva mawu omwewo, ndipo nditawapeza m'bukumu n'kuwerenga tanthauzo lake misozi inatsika yokha, ndidzapita kuguwa la Mulungu, kwa Mulungu amene amakondweretsa unyamata wanga. Nkhalamba ya imvi mbuu, mano atatha mkamwa, ikunenabe za Mulungu wokondweretsa unyamata wake, ndipo ife sitinawafunsepo mpaka anatisiya.

Bukulo palokha ndi lolemera ndithu, m'chikwama cha m'manja limatenga malo onse, chikuto chake n'cholimba bwino ndipo anachita kulisoka osati kumata, moti mpaka pano palibe tsamba lathothoka ngakhale ndimayenda nalo mu basi ndi mu sitima. Kumanzere Chilatini, kumanja Chingerezi, malangizo a zimene wansembe akuchita analemba ndi inki yofiira. Mapepala ake ndiye opyapyala kwambiri, chala chikakhala ndi mafuta odzola chimasiya chidindo, komanso zilembo n'zazing'ono moti mayi anga sangawerenge popanda magalasi. Muli timaliboni tisanu tamitundu, ine ndinkaona ngati n'tokongoletsa chabe, kumeneko ndi kumene kuli ntchito yonse. Mapemphero osasintha ali pakati pa buku, a Lamulungu limenelo ali kutsogolo, a oyera ali kumbuyo, ndiye umadumpha uku ndi uku, ndipo masabata atatu oyamba ndinkasochera, ndikamapeza Kalata wansembe ali kale pa Mthenga Wabwino. Anandithandiza ndi mayi wina wachikulire amene tinakhala benchi imodzi, sanalankhule kanthu, anangotenga buku langa n'kuika maliboni onse m'malo mwake n'kundibwezera. Chimene ndinadandaula n'chakuti mu shopumo sanandifotokozere zimenezi, munthu woyamba kumene amafunika kumuonetsako ngakhale mphindi ziwiri.

Kalendala yakenso ndi ina, musadabwe. Mawerengo ndi a chaka chimodzi basi kumangobwereza, palibe Chaka A, B ndi C. Lenti isanafike pali Septuagesima, masabata asanu ndi anayi Pasaka isanakwane, wansembe wavala kale zofiirira ndipo Aleluya wasiyidwa. Khristu Mfumu amakumbukiridwa Lamulungu lomaliza la Okutobala, osati kumapeto kwa Novembala. Ndipo Misa ikamatha amawerenganso chiyambi cha Mthenga wa Yohane, pa mawu akuti Mawu anasanduka thupi mpingo wonse umagwada. Polandira Ukaristia umagwada, umalandira pa lilime, ndipo suyankha Amen, wansembe amanena yekha.

Koma chimene chandigwira mtima kwenikweni ndi chete. Pemphero lalikulu la Ukaristia wansembe amalinena monong'ona atayang'ana kuguwa, tchalitchi chonse zii, kungomveka kabelu ndi mwana akulira chakumbuyo uko, ndipo iwe uli ndi bukuli m'manja ukutsata mawu amodziamodzi, mayina a atumwi, a ofera chikhulupiriro, Perpetua ndi Felicity azimayi a kwathu ku Africa amene anaphedwa ku Carthage, ndi Yosefe Woyera amene dzina lake linalowamo mu 1962 momwemo. Poyamba ndinkawerenga mapemphero omwewa pa foni, n'zaulere inde, koma foni ndi foni abale, uli pakati pa pemphero pamwamba patulukira uthenga wa gulu la maliro, wa chipereganyu, wa kuntchito akufuna munthu wogwirizira shifiti, maso apita kale, mtima wapita kale. Bukuli silikuitana kwina kulikonse. Ndipo zandipangitsa kuona zimene tazolowera masiku ano, wansembe akukweza Thupi la Khristu wina waimirira ndi foni akujambula kuti aike pa Facebook, zolengeza kutalika kuposa ulaliki, Misa ikangotha phokoso ngati pamsika pomwe Yesu ali m'tabernakulo momwemo. Zimandiwawa chifukwa inenso ndinkachita nawo.

Ndinene pano mosabisa, kugula bukuli sikuti ndanyoza Misa yathu ya Chichewa. Pa intaneti pali anthu amene nkhani ya Chilatini anaisandutsa ndewu, kunyoza Papa, kunyoza ma episkopi, kumati ng'oma m'tchalitchi ndi zachikunja, ine zimenezo ayi. Ndikamva Ambuye mutichitire chifundo kwaya ya kwathu itaigwira bwino thupi limachita tsembwe chimodzimodzi. Ndiponso ulemu umene azungu akuno akuufunafuna amayi athu sanautaye, azunguwo amagula kansalu koluka kophimba kumutu, amayi anga duku ndi chitenje cha CWO, bungwe la amayi a Katolika, sanasiyepo, amagwada pa simenti popanda chotsamira. Vatican II, msonkhano waukulu wa ma episkopi a dziko lonse, mu 1963 inalola zilankhulo zathu komanso inati Chilatini chisungidwe, zonse ziwiri. Papa Benedict XVI anamasula Misa yakaleyi mu 2007, Papa Francis anaikanso malire mu 2021 kuti episkopi wa dera ndiye aziloleza, nchifukwa chake siipezeka paliponse, ndipo ine ndimapita kokha kumene kuli chilolezo.

Ngati kumene mukukhala kulibe Misa imeneyi ganizani kaye musanataye ndalama, ngakhale kumapeto kwake kuli mapemphero okonzekera kulapa, Njira ya Mtanda ndi malitaniya amene ndimawerenga pa buleki ya 3 koloko usiku odwala onse atagona. Disembala ndikubwera nalo kumudzi, ndikufuna ndikawatsegulire amayi tsamba lija, ndiwawerengere m'Chichewa zimene bambo awo ankanena pakhonde paja.