Kutsegula Port, SSH kapena WireGuard: Njira Zofikira Database Yakutali Tili ku Mzuzu

Ambiri a ife amene timayang'anira makompyuta m'maofesi a ku Mzuzu tili ndi database pa seva ya ku Lilongwe kapena ku Johannesburg, ndipo ikangokana kulumikizana timafulumira kuloza chala netiweki. Ndi bwino kuyamba tawerenga uthenga umene wabwera. "Connection refused" amasonyeza kuti pempho lafika pa seva koma palibe pulogalamu imene ikuyembekezera pa port (khomo la nambala lolowera pa seva) imene mwagogodayo, pamene "timed out" kawirikawiri amatanthauza kuti firewall, imene imasefa zolowa pa seva, yataya pempholo osayankha kanthu. Error 1130 ya MySQL, imodzi mwa mapulogalamu a database, ndi ina: mwafika ndithu, koma akaunti yanu siyololedwa kulowa kuchokera pa adiresi ya pa intaneti (IP) imene muli.

Njira imene ambiri amayamba nayo ndi kutsegula port, 3306 ya MySQL kapena 5432 ya PostgreSQL, pulogalamu ina ya database. Pa MySQL mumasintha bind-address imene inali 127.0.0.1 (adiresi yotanthauza kompyuta yomweyo), kapena pa PostgreSQL listen_addresses pamodzi ndi fayilo ya pg_hba.conf, kenaka n'kuuza firewall kuti ilole adiresi yanu yokha. Ku ofesi imene ili ndi adiresi yokhazikika zimenezi zimayenda, koma kwa amene amadalira bandulo ya pafoni sizikhalitsa, chifukwa adiresi imene mwalowa nayo m'mawa muli ku Katoto ikhoza kukhala itasintha pofika masana, ndipo imakhalanso yogawana ndi anthu ena ambiri. Munthu akatopa n'kusinthasintha amangolola aliyense, ndipo apa m'pamene ndimaikanira njirayi: ndi kugona chitseko chili pululu, pomwe pa intaneti pali mapulogalamu amene usana ndi usiku amangosakasaka maport otsegula.

SSH, njira yotetezeka yolowera pa seva yakutali, imathetsa vutoli popanda kukhudza database. Lamulo la ssh -L 3307:127.0.0.1:3306 dzina@seva limachititsa kuti port 3307 ya pa laputopu yanu ikafike pa MySQL kudzera pa port 22 ya SSH, ndipo zonse zodutsamo zimakhala zobisika. Cholakwika chimene chimasokoneza ambiri n'chakuti pa Linux, mukalemba localhost, MySQL imafunafuna socket (fayilo yolumikizira mapulogalamu) ya pa kompyuta yomweyo m'malo modutsa mu SSH, choncho lembani 127.0.0.1. Kufooka kwa SSH n'kwakuti netiweki ikangodukiza, kapena magetsi akazima rauta n'kuzima nawo, kulumikizana kumathera pomwepo. ServerAliveInterval, imene imazindikira kuti kulumikizana kwaduka, ndi pulogalamu ya autossh zimathandiza kubwezeretsa, komabe ntchito imene inali pakati imakhala yaduka kale.

WireGuard, pulogalamu yopanga netiweki yachinsinsi pakati pa makompyuta (VPN) imene inalowa mu Linux 5.6 m'chaka cha 2020, imafuna nthawi yochulukirapo poikonza, chifukwa kompyuta iliyonse imafunika kiyi yake ndi adiresi yake yamkati. Ubwino wake ndi wakuti imazindikira munthu ndi kiyi osati ndi adiresi, motero mukachoka pa Wi-Fi ya ku ofesi ku Luwinga n'kuyatsa data ya pafoni, imapitiriza yokha. Kwa munthu mmodzi wongofuna kuona matebulo mwa apo ndi apo, SSH ndi yokwanira. Ofesi ya anthu angapo, kapena pulogalamu yofunika database tsiku lonse, ndingailangize WireGuard. Dziwani kuti imayenda pa UDP (njira ina yotumizira data), kawirikawiri port 51820, imene manetiweki ena amatseka, ndipo ngati muli kuseri kwa NAT, kumene makompyuta ambiri amagawana adiresi imodzi, muike PersistentKeepalive pa masekondi 25 kuti seva izitha kukupezani ngakhale mutakhala nthawi osatumiza kanthu.