Kabokosi ka penti ka machubu 12: nkabwino poyambira, koma musakhalitse nako

M'masitolo a zolembera m'tauni ya Lusaka muno, ku Cairo Road ngakhale ku Kamwala, mumapezeka timabokosi ta penti wa acrylic ta machubu 12, chubu chilichonse cha 12 ml. Achinyamata ambiri ofuna kukhala akatswiri ojambula amayambira pamenepa, ndipo sanalakwitse. Mtengo wake ndi wofikirika, penti amasungunuka ndi madzi, alibe fungo la thina, ndipo burashi imayera ndi sopo wamba.

Vuto limaoneka pa chithunzi chachitatu kapena chachinayi. Woyera amakhala watha, pomwe wobiriwira ndi wa orenji sanatsegulidwe nkomwe. Opanga anaika mitundu yonse pa mlingo umodzi, chonsecho wojambula amadya woyera kuposa ina yonse. Ndiye munthu amayamba kuumira. Amapaka mopyapyala, amathira madzi ambiri kuti penti atalike, amasankha kachinsalu kakang'ono. Madzi akachuluka, guluu wogwira utoto amafooka, ndipo chithunzi chikauma chimaoneka chotuwa ngati choko. Choipa kwambiri nchakuti dzanja limazolowera mantha.

Tembenuzani chubu muwerenge. Penti wabwino amalembedwa nambala ya utoto: PW6 ndi woyera wotchedwa titanium white, PB29 ndi buluu wotchedwa ultramarine, PBr7 ndi mitundu ya dothi monga bulauni woderako wotchedwa burnt umber. Amalembedwanso ngati amapirira kuwala, ndi chizindikiro cha ASTM I kapena II. Timachubu tambiri totchipa tilibe zonsezi, dzina lokha. Ofiira ndi achikasu ake amapyapyala moti mzere wa pensulo umaonekabe mutapaka kawiri, ndipo simudziwa ngati sadzasuluka chithunzi chikakhala pafupi ndi windo zaka ziwiri.

Yesani kujambula maluwa a jakaranda a mu Okutobala ndi kabokosi aka. Mukasakaniza ofiira wowala uja ndi buluu, mumapeza mtundu wa matope, chifukwa ofiirayo amapendekera ku chikasu, ndipo chikasu chimapha pepo. Pamafunika magenta (ofiira wopendekera ku pepo), PR122, ndi ultramarine, ndi kadontho ka woyera. Khungu lathu nalonso limavuta. Ambiri amatenga bulauni nkuthiramo wakuda wa m'chubu pa mthunzi, woyera pa kuwala, nkhope nkutuluka yaphulusa ngati ya wodwala. Mthunzi wamoyo umachokera ku burnt umber ndi ultramarine. Powala ikani burnt sienna (bulauni wofiirira) ndi yellow ochre (chikasu cha dothi), ndipo pachipumi ndi pamasaya, pomwe khungu limalandira kuwala kwa thambo, kabuluu pang'ono. Kumbukirani kuti acrylic akauma amada pang'ono kusiyana ndi mmene amaonekera ali wamadzi.

Tikunena zonsezi chifukwa kajambulidwe kakekake ka munthu sikabwera pa zithunzi khumi. Onani wojambula Henry Tayali, yemwe anabadwira ku Serenje mu 1943 nkukulira ku Bulawayo. Anayamba ndi zithunzi zodzaza anthu ooneka bwinobwino, aliyense ali pa ntchito yake. Anakaphunzira ku yunivesite ya Makerere ku Uganda, kenako ku Düsseldorf ku Germany, ndipo m'kupita kwa zaka anthu aja anayamba kusungunukira m'mitundu ndi m'mikwingwirima ya burashi, mpaka chotsala kukhala phokoso ndi chipwirikiti cha khamulo. Ankasemanso ndi kudinda zithunzi. Chosema cha The Graduate ku University of Zambia ndi chake. Anamwalira mu 1987 ali ndi zaka 43 zokha, patangopita chaka chimodzi atakhazikitsa bungwe lothandiza zaluso la Lechwe Trust pamodzi ndi Cynthia Zukas ndi Bente Lorenz. Kusintha kotereku kumafuna munthu wobwereza nkhani imodzi kambirimbiri, wosaopa kuwononga chinsalu. Ndi 12 ml simungayese kupaka mochindikala ngakhale kamodzi.

Choncho kabokosi kakatha musagule kena. Gulani mitundu isanu ndi umodzi m'machubu a 120 ml: ultramarine, magenta, chikasu chowala, yellow ochre, burnt sienna ndi burnt umber, kuwonjezera botolo la woyera la 500 ml. Mitundu yochepa imakukakamizani kusakaniza nokha, ndipo dothi lofiira lomwe mungasakanize inu silingafanane ndi la mnzanu. Anthu amayamba kukuzindikirirani pamenepo.

Nyengo ya Lusaka nayo ili ndi zake. Kutentha kwa Okutobala kumaumitsa penti pa mbale mphindi zochepa. Tengani kontena ya pulasitiki yokhala ndi chivindikiro, yalani kansalu konyowa pansi, pamwamba pepala lophikira makeke, nkufinyira penti pamenepo; mukavindikira amafika mawa. Mu Ogasiti musaumitse chithunzi panja, fumbi limakanirira ndipo silichoka. Chinsalu chipakeni gesso, penti woyera woyambira musanajambule, kawiri kapena katatu, mukukwecha pang'ono ndi sandipepa wosalala chikauma. Ambiri amapaka penti wa pakhoma wa PVA pa kaliko m'malo mwa gesso. Pophunzira zimatheka, koma amakonda kung'aluka mukapinda chinsalu kuti mutumize kwa wogula.

Kabokosi kaja, ndi mitundu yotsalamo, kasungeni ka zoyeserera pa pepala, pokhala pa Soweto Market kapena pa siteshoni ya mabasi mukugwira mitundu mwachangu. Pa ntchito imeneyi nkopepuka ndipo kamakwana m'thumba. Musanagule machubu akuluakulu, pitani ku Henry Tayali Gallery ku Showgrounds kapena ku nyumba ya zithunzi ya Lechwe Trust ku Rhodes Park, muime pafupi ndi chinsalu, muyang'ane chammbali, muone kuchindikala kwa penti amene ena anasiyapo.