Dishi, faiba kapena bando la pa foni: kuno ku Joni tisankhe chiti?

Makampani a kanema ndi intaneti kuno akulimbirana makasitomala koopsa, koma akamatsatsa malonda amalankhula ngati aliyense ali ndi nyumba yakeyake. Ambiri a ife a ku Mayfair, Turffontein, Diepsloot ndi Cosmo City timachita lendi kachipinda ka kuseri, ndipo chaka chisanathe tikhoza kusamuka. N'chifukwa chake ine ndisanafunse mtengo, ndimayamba ndafunsa kuti ndikasamuka chinthuchi chipita nane kapena chitsala.

DStv ya MultiChoice, yomwe likulu lake lili ku Randburg, yakhalapo kuyambira 1995, ndipo chomwe chikuigwirabe ndi mpira wa pa SuperSport. Netflix itafika mu 2016, okonda mafilimu ambiri anayamba kuchoka, ndipo mu 2025 MultiChoice inagulidwa ndi Canal+ ya ku France. Ngati Premier League ndiye moyo wanu, lipirani, simunalakwe. Ngati mumangofuna ana azionerako kena kake, gulani dikoda ya Openview, mumalipira kamodzi basi, palibe za mwezi ndi mwezi. Zonse ziwirizi zimafuna kukhoma dishi pakhoma la eni, ndiye muyambe mwapempha a landilodi, komanso posamuka mudzalipiranso woikhoma.

Faiba, intaneti yobwera pa chingwe mpaka m'nyumba, ndi imene yasokoneza msika. Vumatel inayamba kuyala zingwe ku Parkhurst mu 2014, m'dera la anthu opata, koma patapita zaka inafika ku Alexandra ndi faiba yotchipa yotchedwa Vuma Key ya R99 pa mwezi. Chomwe chimasokoneza abale ambiri n'chakuti apa pali makampani awiri. Wina ndi mwini chingwe, monga Vumatel kapena Openserve ya Telkom, ndipo ameneyu simusankha, mumatenga amene anakumba mumsewu wanu. Wina ndi wokugulitsani intanetiyo, monga Afrihost, Webafrica kapena Mweb, ndipo apa ndiye pali mpikisano weniweni, mukhoza kuyerekeza mitengo.

Pabwalo pokhala mabanja anayi kapena asanu, faiba palibe choiposa. Mumasonkherana, rauta n'kuiika m'nyumba yapakati pafupi ndi windo, chifukwa makoma a simenti amafoola netiweki msanga. Madzulo wina akumvera Zodiak, wina akutsatira nkhani za Times pa Facebook, mayi wina akuonetsa khanda kwa agogo ake ku Mangochi pa WhatsApp, popanda woyang'ana kuti data yatsala yochuluka bwanji. Muguliretu ka UPS kakang'ono (kabatire kosunga magetsi) kolumikizako rauta ndi kabokosi ka faiba ka pakhoma, apo ayi magetsi akathima zonse zimathima limodzi. Koma chingwecho ndi cha nyumba, si chanu. Ndipo mukaona mawu akuti kulumikiza n'kwaulere, werengani bwino pansi pake, chifukwa nthawi zambiri mukasiya miyezi yomwe anaika isanakwane amakulipiritsani ndalama yolumikizirayo. Zimandiwawa kuona m'bale wogwira maganyu akudulidwa ndalama ya nyumba yomwe anatulukamo kale. Ngati m'dera lanu muli faiba yolipiriratu, tengani imeneyo.

Bando la pa foni ndi lodula kwambiri mukawerengera pa gigabyte, koma limayenda nanu kulikonse. Mtengo wake unatsikako anthu atadandaula pansi pa #DataMustFall, bungwe la Competition Commission n'kufufuza nkhaniyi, ndipo mu April 2020 Vodacom inatsitsa 1GB ya mwezi kuchoka pa R149 kufika pa R99, MTN nayonso inatsitsa. Telkom ndi Cell C kawirikawiri zimatchipa, koma yesani kaye netiweki m'chipinda chanu chenichenicho, osati pamsewu. SIM muilembetse motsatira lamulo la RICA, m'dzina lanu ndi pasipoti yanu. Yolembetsedwa kale yogula panjira ikatayika, kuipezanso nambalayo kumavuta, chonsecho ndi imene abale onse kumudzi amaidziwa.

Pakati pa faiba ndi bando pali Rain, kampani ya intaneti yopanda chingwe yomwe inayambitsa 5G mu 2019. Rauta yake mumangoilumikiza kumagetsi, posamuka n'kuiika m'chikwama. Kwa munthu wokhala yekha amene amasamukasamuka, ine ndingasankhe imeneyi kapena rauta yonga iyo ya MTN kapena Telkom, bola nsanja ili pafupi, chifukwa madzulo anthu akachuluka liwiro limatsika.

Komanso foni ya kumudzi ikamadukaduka, musathamangire kusintha kampani kuno. Nthawi zambiri vuto limakhala uko, netiweki ya Airtel kapena TNM yafooka kapena bando la amayi latha. Potumiza ndalama ya mwezi, muziwonjezerapo yoti agulire bando la WhatsApp, ndipo muzipangana nthawi yoimba kuti apeze pamalo pogwira netiweki.