Mtanthauziramawu wa Cambridge ndi mawu akuti brilliant

Mtanthauziramawu wabwino amadziwika ndi mmene amafotokozera mawu amene ali ndi matanthauzo angapo, ndipo mawu a Chingelezi akuti brilliant ndi muyeso woyenera wa Cambridge Dictionary wa pa intaneti, amene wakhala akupezeka kwaulere kuyambira mu 1999.

Munthu akalemba mawuwa, tsambalo limagawa matanthauzo ake m'zigawo, chilichonse ndi kamutu kake, kotero kuti diso silisochera. Pali tanthauzo la munthu wanzeru zakuya kapena waluso lodabwitsa, monga katswiri wa masamu kapena woimba. Pali tanthauzo la kuwala kwambiri ndi mitundu yonyezimira, monga dzuwa la masana kapena thambo lopanda mtambo. Ndiye pali lachitatu, limene anthu a ku Britain amalikonda pocheza, lotanthauza kuti chinthu chayenda bwino kwambiri. Apa mtanthauziramawuyu ayenera kuyamikiridwa, chifukwa amaneneratu kuti tanthauzo lachitatuli n'la m'macheza komanso n'lofala ku Britain. Chenjezo limeneli n'lofunika kwa wophunzira, pakuti amene angalembe mawuwa m'kalata yofunsira ntchito pofuna kunena kuti wasangalala angaoneke ngati sakudziwa kusiyanitsa chilankhulo cha pabwalo ndi cha mu ofesi.

Katchulidwe nakonso anakakonza bwino. Pali timabatani tiwiri, kena ka katchulidwe ka ku Britain, kena ka ku America, ndipo ziganizo zachitsanzo n'zazifupi komanso zomveka.

Chimene chikusowa, ndipo n'chachikulu kwa munthu wofuna kumvetsa m'malo mongoloweza, ndi mbiri ya mawuwa. Wowerenga amaona matanthauzo atatu ataima paokhapaokha, osadziwa chimene chikuwalumikiza. Komatu ulusi wake ulipo. Mawuwa analowa m'Chingelezi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1600 kuchokera ku Chifalansa, ku mneni wakuti briller, wotanthauza kuwala, amenenso anachokera ku Chitaliyana. Choncho kuwala ndiye gwero, ndipo nzeru ndi luso zinabwera pambuyo pake, pamene anthu anayamba kunena za munthu wopambana anzake ngati kuti akuwala pakati pawo. Amene wadziwa zimenezi savutikanso kukumbukira matanthauzo onse. Mtanthauziramawu wa Merriam-Webster amapereka mbiri yotereyi, komanso amatchula kuti mawu omwewa ndi dzina la mwala wamtengo wapatali, monga dayamondi, wosemedwa ndi mbali zambiri kuti uzinyezimira. Dayamondi wozungulira wosemedwa mwanjira imeneyi amakhala ndi mbali 57 kapena 58.

Palinso chinthu china chimene tsamba lililonse lolembedwa limavutika kuphunzitsa, ndicho kamvekedwe ka mawu a wolankhula. Mngelezi amene wathamangira sitima n'kupeza itachoka akhoza kunena mawu omwewa mokhumudwa, ndipo pamenepo sakuyamikira chilichonse. Zotere wophunzira amazitola pomvetsera anthu akulankhula.

Zotsatsa malonda za patsambali zimatsekereza maso, makamaka pa foni, ngakhale kuti ndi zimene zimachititsa kuti munthu asalipire kanthu. Kwa amene akufuna kudziwa msanga tanthauzo, katchulidwe ndi malo oyenera kugwiritsa ntchito mawu, Cambridge Dictionary ndi wokwanira. Amene akufuna kudziwa chifukwa chake mawu amodzi amatchula dzuwa, dayamondi ndi katswiri, atsegulenso Merriam-Webster pambali.