Nyenyezi zitatu, ndipo zonse ndi za mmisiri wachiwiri

Ndaika nyenyezi zitatu, koma muziwerenge bwino: zonsezo ndi za bambo wachikulire amene anabwera pomaliza. A ku ofesi ndi mnyamata woyamba uja sindikanawapatsa ngakhale imodzi.

Makina oumitsira zovalawa ndinagula ku kampani yomweyi, ndipo ndi anyamata awo amene anadzawaika n'kulumikiza paipi yakumbuyo. Ndi a magetsi, aja otulutsa mpweya wotentha panja kudzera pakhoma, osati aja a kathanki kotaya madzi. Mtengo wake mukuudziwa, sugula uku ukuseka. Miyezi yoyamba ankagwira bwino. Kenako matawulo anayamba kutuluka achinyezi mpaka kuwabwezeramo, ndipo pamwamba pa makinawo pankatentha moti dzanja silinkakhalapo. Sefa ndimaichotsa tiulusi nthawi iliyonse ndikamaliza kuumitsa, ndiye wina asandiuze za sefa. Tsiku lina anangoima ntchito ili mkati, pasikirini n'kulemba tE. Nditazula pulagi n'kuibwezera patapita kanthawi, diramu inkazungulira koma mpweya wake wozizira.

Kabuku kamene kanabwera ndi makinawo kamati tE ndi vuto la kayezedwe ka kutentha, itanani amisiri. Ndinaimba. Mayi wa pafoni ndinamuwerengera khodiyo chilembo ndi chilembo, iye n'kundiyankha kuti, "Amayi, zimenezo adzaziona okha akabwera, inu lipirani kaye ya ulendo." Sanailembe n'komwe, ndipo ndinadziwa zimenezi chifukwa amene anabwera anafika osadziwa chimene wabwerera. Za tsiku lobwera ndisanene zambiri. "Mawa" wa ofesi imeneyi ndi wautali.

Mnyamatayo anafika ndi kachikwama kokhala ndi sikuludiraiva ndi pulayala. Mita yoyezera magetsi analibe. Anayatsa makina, anadikira mpaka khodi itabwera, anaijambula pafoni, anatsitsatsitsa chala pafoni pomwepo, kenako n'kuti, "Amayi, bodi yapita." Bodi ndi kachipangizo kamene kamalamulira ntchito zonse za makinawo. Ndinamusonyeza kabuku, ndati koma apa akunena za kutentha. Iye akuti zonse zimachokera kubodi. Chivindikiro sanatsegule, makinawo sanawasunthe pakhoma. Mtengo wa bodi umene anandiuza unkayandikira theka la makina atsopano, ndipo ku ofesi anati waranti siigwira chifukwa bodi imapsa ndi magetsi okwera mwadzidzidzi. Ndani anayeza kuti magetsi anakwera? Palibe. Anandilipiritsa theka kuti aiitanitse.

Tsopano chimene chandilembetsa ndemangayi ndi ulendo wake wachiwiri. Anabwera ndi bodi yatsopano, anaimanga, anayatsa. Diramu ikuzungulira, mpweya wozizira ngati poyamba. Anakanda m'mutu, anatuluka panja kukaimba foni, ndipo atabwerako anamasula chitsulo chakumbuyo atangowapendeketsa makinawo pang'ono. Pafupi ndi elementi, chipangizo chotenthetsa mpweya, panali kanthu kakang'ono kokhala ndi mawaya awiri. Anazula mawayawo, anawalumikiza okhaokha ndi kachidutswa ka waya, n'kukulunga tepi yakuda. Atayatsa, kutentha kunabwera. Ndinafunsa kuti nanga kanthu kaja mwakasiya pambali bwanji. Yankho lake ndikulikumbukira bwino: "Kameneka n'kongowonjezera, amayi, musadandaule." Ndinafunsanso kuti ngati vuto linali kameneko, bodi ndagulirenji? Akuti zinafa zonse ziwiri. Anandisainitsa pepala n'kunyamuka.

Madzulo ake ndinaikamo nsalu za pabedi. Sipanapite nthawi, m'nyumba munayamba kununkha nsalu yopserera. Ndinathamangira kuchipinda chochapira, ndinapeza mwadzaza mpweya wotentha wouma kukhosi, mbali ya makina yosagwirika. Ndinazula pulagi osayamba ndadina batani lililonse. Nsalu imodzi inali itachita chikasu m'mphepete, ndipo mabatani a pilo anali otentha moti ndinawaponya pansi. Ana anali m'chipinda choyandikana nacho akugona. Ndikanakhala kuti ndayatsa n'kupita kukasamba, kapena kukagona monga ambiri timachitira, sindikudziwa kuti ndikanalemba ndemanga yotani lero. M'mawa nditayatsa kuti ndione, tE yomwe ija inabweranso, pa bodi yatsopano imene amati ndiyo mankhwala.

Ndinajambula waya wokulunga tepi uja n'kutumiza ku ofesi. Mayi wa pafoni anayamba ndi zoti ndilipirenso ya ulendo. Zimene ndinamuyankha sindizilemba pano. Chithunzicho chinakafika kwa bwana wawo, ndipo ndi pamene anatumiza bambo aja.

Iwowa anayamba ndi kuzula pulagi asanagwire china chilichonse, kenako anandifunsa mafunso amene palibe anali atandifunsa: zovala zinayamba liti kuchedwa kuuma, pamwamba pankatentha kapena ayi, khodi inkabwera makina atangoyaka kapena atagwira kanthawi. Atatsegula, anatulutsa pepala lopindidwa limene opanga makina amabisa mkatimo, lokhala ndi chithunzi cha mawaya onse ndi manambala oyenera kupezeka poyeza chipangizo chilichonse. Ine sindinkadziwa n'komwe kuti mulinso pepala mmenemo. Ataona tepi yakuda ija anakhala chete, anaimasula, ndipo anangoti, "Mayi, pepani. Izi sitichita." Anandiuza kuti kanthu kaja ndi fyuzi ya kutentha. Ntchito yake ndi imodzi yokha: kutentha kukapitirira malire, imaduka n'kudula magetsi, ndipo ikaduka siibwereranso, imafuna yatsopano. Pa makina ena ikaduka sayaka n'komwe, pa ena diramu imazungulira popanda kutentha, monga anga. Kuilumpha ndi waya ndi kuchotsa chitetezo chomaliza, pamene tiulusi ta zovala timagwira moto msanga kwambiri.

Kenako anatenga mita n'kuyamba kuyeza chimodzichimodzi, akundionetsa manambala ngakhale sindinawapemphe. Fyuzi yabwino imaonetsa pafupifupi 0 ndipo mita imalira; yanga inalemba OL, kutanthauza kuti yaduka. Elementi inali yamoyo, ndipo anayezanso kuti aone ngati siikukhudza chitsulo cha kabokosi kake, chifukwa ikakhudza imatha kumangotentha osazima. Inalibe vuto. Anafika pa thermistor, kachipangizo koyeza kutentha kamene khodi ya tE imanena. Anati pa makina ambiri kamaonetsa maohm pafupifupi 10,000 pa kutentha kwa madigiri 25, ndipo kakamatenthedwa nambalayo imatsika. Kanga kanaonetsa pafupi ndi pamenepo. Anakafumbata m'manja, ndipo ndinaona ndi maso anga nambala ikutsika pang'onopang'ono. Anayang'ananso mawaya ake mpaka kukafika kubodi, onse ali bwino. Ndiye ndinafunsa, bambo, ngati kachipangizoka kali bwino, khodiyo ikunama?

Anati ayi, ikunena zoona. Khodi imanena zimene bodi ikuona, sinena chimene chafa. Bodi inkaona kutentha kosayenera, ndipo funso loyenera linali lakuti kutenthako kukulephereranji kutuluka.

Anawakoka makinawo kuchoka pakhoma, ndipo mkwiyo wanga unabwerera kwa anthu amene ndinali nditawaiwala kale. Anyamata oika aja anagwiritsa ntchito paipi yofewa ija yonyezimira, yaitali kuposa pofunika, ndipo powakankhira makina kukhoma anaiphwanya n'kuipinda pawiri. Pamene panapindikapo panatsala kampata kongolowa zala ziwiri. Bamboyo atatsegula, anatulutsamo tiulusi tonyowa togwirana, manja odzaza, mbali ina titayamba kuda ndi kupserera. Anandiitana panja pamene paipiyo imatulukira, anandionetsa kachivindikiro kake kamene kamayenera kutseguka ndi mphamvu ya mpweya. Anati mukafuna kudziwa ngati paipi ili bwino, yatsani makina mupite panja muike dzanja: mpweya uzikukankhani, usamangonong'ona. Ndiye nkhani yonse inali imeneyi. Mpweya wonyowa sunkatuluka, zovala zinkachedwa kuuma, kutentha kunkaunjikana mkati mpaka bodi inadandaula ndi tE, ndipo pomaliza fyuzi inadzipereka. Sefa imagwira tiulusi tambiri koma osati tonse, totsalato timapita m'paipi, ndipo paipi yamakwinya yopindika imatisunga.

Pofuna kunditsimikizira, anachotsa bodi yatsopano ija n'kubwezera yanga yakale, imene mwamwayi ndinakana kuti mnyamata uja aitenge. Inayaka bwinobwino.

Akumanga zinthu tinacheza za makhodi, popeza mchemwali wanga nayenso ali ndi makina ake a mtundu wina. Anati kampani iliyonse ili ndi malembedwe ake, choncho kufufuza khodi pa intaneti osalemba nambala ya mtundu wa makinawo n'kudzisokeretsa. Makina a LG, mwachitsanzo, amalemba d80, d90 kapena d95 kusonyeza kuti paipi yatsekeka ndi maperesenti oterowo, ndipo a Whirlpool amalemba AF pa vuto lomwelo la mpweya. Anga alibe khodi yoloza paipi mwachindunji chonchi, akanakhala nayo mwina bwenzi zonsezi zitadziwika msanga. Makhodi ena sakufuna mmisiri n'komwe: PF pa Whirlpool imangonena kuti magetsi anazima makina ali mkati mogwira, ndipo dE imene imaoneka pa makina ena ndi nkhani ya chitseko, kawirikawiri sichinatsekeke bwino kapena kaswichi kake katopa. Anandionetsanso tizitsulo tiwiri tatitali mkati mwa diramu pafupi ndi sefa, timene timamva chinyezi cha zovala. Timakutidwa ndi zotsalira za mankhwala ofewetsa zovala, makina n'kumazima zovala zisanaume, popanda khodi iliyonse. Kupukuta ndi kansalu konyowetsa spiriti basi.

Anaika fyuzi yatsopano pamodzi ndi thermostat yoletsa kutentha kupitirira, akuti ziwirizi ndi bwino kuzisintha limodzi zikavutika chonchi. Anapopa fumbi lonse mkati, pafupi ndi mota ndi fani. Paipi anaika yachitsulo yolimbako, ya masentimita 10 m'mimba mwake, yaifupi, ndipo anasiya mpata pakati pa makina ndi khoma, n'kulemba mzere pansi ndi choko kuti wosesa asadzawakankhe kupitirira pamenepo. Sanachoke mpaka makina atamaliza kuumitsa matawulo, iye ali panja dzanja lili pakamwa pa paipi. Matawulo omwe aja amene ndinkawabwezeramo tsopano akuuma ola lisanakwane, ndipo pamwamba pa makina pamangofunda.

Kunena chilungamo, pamenepa mtima wanga unatsika. Bamboyo analemba mu lipoti lake mosabisa kuti paipi inaphwanyidwa poika makina, ndiponso kuti fyuzi inalumphidwa ndi wantchito wawo. Anandiwerengera asanandipatse kuti ndisaine. Munthu wolemba choncho za kampani imene imamulipira sapezeka kawirikawiri. Chifukwa cha lipotilo sanandilipiritse fyuzi, thermostat, paipi kapena ulendo wake, ndipo bwana wawo anandiimbira yekha kupepesa. Ndiye sindinganene kuti musapiteko. Pitani, koma mmisiri akafika muone kaye ngati wanyamula mita, ndipo akanena kuti bodi yafa, mumufunse kuti wayeza chiyani ndipo wapeza nambala yanji. Akamadzaika makina atsopano, muime pomwepo muone paipi asanawakankhire kukhoma.

Chotsala ndi ndalama yanga ya bodi. Bodiyo anabwerera nayo ili m'katoni yake, risiti ndili nayo, ndipo bwana anavomera kuti andibwezera. Mayi wa pafoni yemwe uja ndi amene akuyendetsa nkhaniyi, ndipo nthawi iliyonse ndikaimba akuti fomu ikudikira siginecha. Za nsalu yanga yopserera anandiuza kuti ndondomeko yawo siikhudza zovala za makasitomala. Ndalamayo ikalowa ndidzabwera kudzawonjezera nyenyezi yachinayi. Ikapanda kulowa mwezi uno ukamatha, chithunzi cha waya wokulunga tepi uja ndidzachiika pansi pa ndemangayi.