Ndemanga yanga pa msewu wa M1, kuchoka ku Blantyre mpaka ku Mzuzu

Abale anzanga, timakonda kulemba za malo odyera ndi mafoni koma chinthu chomwe chimatidyera ndalama zambiri sitichiunika, ndiye lero ndati ndilembeko za msewu wa M1 ngati mmene munthu angalembere za shopu, poti masiku ano timalipira ndithu kuti tidutsepo ndipo lisiti amatipatsa. Ine ndimayenda pa msewuwu kawiri pa mwezi ndi ka Probox kanga, ndimakatenga katundu ku Limbe, zitenje, nsapato ndi ziwiya za pulasitiki, kukatula ku shopu ya achemwali anga ku Mzuzu, pobwerera ndimanyamulako mpunga wa Kilombero. Ndiye maenje ake ambiri ndimawadziwa ngati mmene ndimadziwira pakhomo panga.

Kwa amene simunauyendepo onse, M1 ndi msewu wautali kuposa yonse m'Malawi muno, umayambira pa Songwe ku Karonga pa malire ndi Tanzania nkukathera ku Marka ku Nsanje pa malire ndi Mozambique, makilomita oposa 1,000. Mathanki a mafuta ochokera ku Dar es Salaam amadutsa pomwepa, fodya wopita ku Kanengo ndi ku Chinkhoma pomwepa, shuga wa ku Nchalo, feteleza, maliro, odwala opita ku Central, zonse pomwepa. Bambo anga omwe anali dalaivala wa malole amakonda kunena kuti kale munthu ukamachoka ku Blantyre kupita pakati umaganiza zodzera ku Zomba ndi Liwonde, ndipo kumpoto nthawi ya dzinja kunali kogona panjira chifukwa cha matope. Likulu litasamuka ku Zomba kupita ku Lilongwe mu 1975 mpamene msewuwu unakhala msana weniweni wa dziko, ndipo phula lambiri la kumpoto kwa Lilongwe linaikidwa nthawi ya a Kamuzu, zaka za m'ma 1970 ndi 1980. Anamanga bwino pa nthawi yawo, sinditsutsa, koma anamangira magalimoto a nthawi imeneyo, ochepa, osati mdipiti wa mathiraki omwe tikuuona lerowu.

Ndiyambe ndi mbali yomwe timalipira, ya Blantyre kukafika ku Lilongwe, makilomita ongopitirira pang'ono 300. Ukangochoka pa Kameza, Lunzu ndi mpanipani basi, maminibasi amaima paliponse, tsiku la msika ndiye usachite kufunsa. Ukadutsa Lirangwe nkutsikira ku Zalewa pa mlatho wa Shire pamakhala rodibuloko, pamenepo ndimaimako kugula madzi. Kuchoka apo kudzera Phalula, Senzani, Manjawira, apa ndi pomwe mtima wanga umakhala m'mwamba nthawi zonse. Vuto si maenje okha ayi, maenje ukawazolowera umawazemba. Vuto ndi m'mbali. Phula linadyeka mbali zonse ziwiri ngati chigumu choti ana akhala akuchibenthula, msewu unatsala wowonda, ndipo pomwe phula lathera pali potsika poti tayala likagwerapo kuti ulibwezere pamwamba galimoto imakutaya.

Ndikuuzeni zomwe zinandichitikira chaka chatha. Ndinachedwa kunyamuka, mdima unandipeza ndisanafike pa Chingeni. Kutsogolo kukubwera thanki, magetsi onse ali ngwee m'maso mwanga, ndiye nditangoti ndipatukire kumanzere ndinangoona matumba a makala, bambo wina pa njinga wasanjikiza matumba atatu, wopanda chowala chilichonse kumbuyo, ndipo sakanachitira mwina chifukwa kunja kwa phula kunali kokumbika koti njinga yolemera choncho singayendeko. Ndinabwezera chiwongolero pakati nkulowa m'dzenje lomwe ndimalidziwa bwino lomwe, tayala linaphulika, rimu inapindika. Bamboyo anadutsa bwinobwino, mwina sanadziwe nkomwe. Ndinasintha tayala ndi tochi ya pafoni manja akunjenjemera, ndipo mpaka lero ndikafika pamenepo ndimaganiza za ana ake a bambo uja, kuti panatsala pang'onong'ono. Za tayala ndi rimu ndinaiwala kale, zinagulidwa zina.

Pa Chingeni mpomwe pali toll gate yoyamba, inayamba kugwira ntchito mu November 2021, ndipo ya ku Kalinyeke ku Dedza inatsatira kumayambiriro kwa 2022. Ndalama zake amatolera ndi a Roads Fund Administration, pomwe ntchito yomanga ndi kukonza misewu amayang'anira ndi a Roads Authority, mabungwe awiriwa anabadwa ndi malamulo a 2006 atagawa ntchito za National Roads Authority yakale ija. Mukukumbukira phokoso lomwe linalipo poyamba, galimoto yaing'ono inali K1,700 minibasi K3,400, anthu makamaka a maminibasi atadandaula boma linatsitsa kufika K1,000 ndi K2,000. Pa mageti penipenipo ndilibe dandaulo, ndinene chilungamo. Atsikana ndi anyamata a m'timawindo tija amandilandira bwino, sachedwetsa, lisiti limatuluka, usiku pamawala. Ndipo ine sindili m'gulu la okana kulipira, kwa anzathu ku Zambia, Mozambique ndi ku Joni amalipira, msewu sumadzikonza wokha. Chomwe chimandipweteka nchakuti pa lita iliyonse ya petulo timalipira kale levi ya misewu, pa geti tikulipiranso, koma ukayenda pang'ono umapeza anyamata akukwirira maenje ndi dothi atanyamula fosholo nkumatambasula dzanja kuti bwana tiponyereniko kangachepe. Ndimawapatsa, chifukwa dothi lawolo landipulumutsirapo mashoko, koma mvula ikagwa kamodzi dothi lonse limapita.

Zigamba amaika ndithu, sindinganame kuti sakonza, pena umapeza dzenje la mwezi watha latsekedwa bwino. Koma chigamba pa nsalu yoti inatha kale chimangong'amba pambali pake.

Ntcheu mpaka Dedza ndi kokongola koopsa, msewu umayenda m'malire enieni moti mbali iyi ndi Malawi mbali inayo ndi Mozambique, mapiri, kamphepo kozizira, ndipo pa Lizulu ndi pa Tsangano turn-off ndimagula kachewere, kabichi ndi tomato wotchipa kuposa m'tauni. Koma taonani mmene misika imeneyi inakhalira, malonda afika pa phula penipeni, amayi ndi mabeseni akuthamangira basi iliyonse yomwe yaima, ana akuwoloka, thiraki ikutsika mtunda. Palibe malo okwanira oti galimoto ipatuke nkuima bwino. Mahampu alipo koma ena utoto unafufutika, umangowadziwa wagunda kale. Pa Linthipe ndiye aliyense woyenda msewuwu amadziwa mbiri ya ngozi zake, ine ndimatsitsa liwiro ndisanafike ngakhale kumbuyo wina aziimba hutala.

Mu Lilongwe zinthu zasintha, apa ndiyamikire. Ngati ulibe chochita m'tauni umakhota pa Bunda nkudzera bypass osalowa mu Old Town, imeneyi inatithandiza zedi. Mlatho wa pa mtsinje wa Lilongwe anaukuza ndi thandizo la Japan, ndipo kuchoka pa Crossroads kupita ku Kanengo anaukuza ndi thandizo la China. Amene munkakhala pa mzere wa ku Kanengo madzulo anthu akuweruka mukudziwa chomwe ndikunena, ola lathunthu limatha uli malo amodzi injini ikutentha.

Tsopano mbali yomwe yandipangitsa kulemba zonsezi ndi ya kumpoto kwa Lilongwe. Mu 2022 a Lazarus Chakwera ali pulezidenti anakhazikitsa ntchito yokonzanso M1 makilomita pafupifupi 300, ndi ngongole yochokera ku European Investment Bank ya mayuro pafupifupi 95 miliyoni komanso thandizo la European Union la mayuro oposa 40 miliyoni. Anaigawa panayi: kuchoka pa mphambano ya ku bwalo la ndege la Kamuzu kukafika ku Kasungu makilomita 102 anapatsa China Jiangxi, Kasungu mpaka Jenda anapatsa Mota-Engil, Jenda mpaka Mzimba turn-off anapatsa Unik, ndipo Kacheche mpaka Chiweta, kumpoto kwa Mzuzu, anapatsa China Henan. Ntchitoyi inachedwa kuposa mmene analonjezera, ndipo nthawi yomweyi ndi yomwe dizilo amasowa, ndalama zakunja zimasowa, kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022 nkudzagwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndiye phula ndi zipangizo zoti zimachokera kunja mitengo yake inangouluka. Ife oyenda tinadya fumbi la m'madayivesheni osati masewera, katundu amafika ku Mzuzu zitenje zonse zili mbuu ngakhale utakutira ndi tenti, ndipo anthu a m'midzi ya m'mbali ndi omwe anavutika kwambiri chifukwa fumbilo limathera m'nyumba ndi m'mbale zawo.

Koma pomwe pamalizidwa, eee, ndi dziko lina. Tsiku loyamba kuyenda pa phula latsopano cha ku Mponela ndi Madisi ndinazimitsa wailesi kuti ndingomva mmene galimoto ikuyendera, palibe kugogoda, palibe kuzemba, mizere yoyera ikuoneka. Anzanga ambiri amayamikira kusalala ndi liwiro, akuti ku Kasungu tsopano ndi pafupi. Ine chomwe chinandigwira mtima ndi cha m'mbali. Anaukuza msewu nkuika phula lina kunja kwa mzere, moti wa kabaza ali ndi pake poyenda, mayi wosenza nkhuni ali ndi pake, ana a sukulu sakuchita kudumphira m'tchire thiraki ikamabwera. Ndinadutsa bambo wina atanyamula makala chimodzimodzi uja wa ku Chingeni, kutsogolo kukubweranso thiraki, ndipo tonse atatu tinadutsana popanda wina kuponda buleki. Ndinayenda mtunda ndithu ndili chete.

Pajatu ku Malawi kuno anthu ambiri ogwiritsa ntchito M1 alibe galimoto. Ndi oyenda pansi, a njinga zakapalasa, a njinga zamoto, a ngolo za ng'ombe cha ku Dowa ndi Kasungu uku. Salipira pa geti, inde, koma ndi omwe amafa msewu ukakhala wowonda. Ndiye kwa ine msewu wabwino ndimauyeza ndi mphepete mwake kaye, kusalala kumabwera pambuyo.

Chodetsa nkhawa pa mbali yatsopanoyi ndi liwiro. Masienta ndi mabasi ena akuthamanga ngati akuthawa nkhondo, ndipo madalaivala ena ayamba kale kusandutsa mphepete ija malo oimikapo mathiraki kapena opitirirapo anzawo kumanzere, wa njinga nkubwereranso pakati pa msewu. Pa Jenda ndi pa Nkhamenya malonda akubwerera pa phula pang'onopang'ono. Komanso ngati masikelo a mathiraki sagwira ntchito yake molimba, katundu wopyola muyeso adzaliphwanya phula limeneli zaka zochepa zokha, tinaziona kale m'misewu ina.

Ukafika pa Mzimba turn-off ntchito ija imathera pomwepo, Chikangawa sinali nawo m'gulu. Kumeneko ndi makona, zitunda, nkhungu yoti nthawi ya chisanu suona ngakhale mamita makumi awiri kutsogolo, ndi mathiraki a matabwa oyenda pang'onopang'ono. Nkhalango ija yomwe tinkaiona tili ana mbali zambiri inatha, patsala zitsa ndi mitengo ing'onoing'ono, zimandimvetsa chisoni nthawi zonse ndikamadutsa. Langizo langa apa ndi loti musadutseko usiku ngati simukuwadziwa makona ake, gonani pa Jenda kapena ku Kasungu munyamuke m'mawa. Ku Chiweta ndinapitako kawiri kokha ndiye sindinenapo zambiri, koma phiri lija ndi mathanki omwe amakwera pamenepo, kukonza kunali kofunika kalekale.

Za ma toll gate ena omwe akuti akufuna kuwonjezera m'misewu ina, ine ndilipira, bola ndalamazo tizizionera pansi. Pempho langa kwa akuluakulu ndi loti ntchito ngati ya ku Kasungu ija ifikenso pakati pa Zalewa ndi Chingeni mpaka ku Ntcheu ndi Dedza, osati zigamba zokha koma kuukuza ndithu ndi kuika phula m'mbali, chifukwa nzosamveka kuti mbali yomwe ili ndi mageti awiri olipira ndi yomwe wa njinga alibe poyenda. Aikenso malo oimapo magalimoto pa Lizulu ndi misika ina, apake utoto mahampu, ndipo dzenje likangoyamba alitseke lisanakule.

Nyenyezi zanga pa zisanu: Lumbadzi mpaka Mzimba turn-off pomwe pamalizidwa ndikupereka zinayi ndi theka, mu Lilongwe zinayi, Chikangawa ziwiri ndi theka, Blantyre mpaka Lilongwe ziwiri ndipo imodzi mwa ziwirizo ndi ya ogwira ntchito pa mageti ndi kachewere wa pa Lizulu. Amene mukukonza ulendo, nyamukani ku Blantyre isanakwane 5 koloko m'mawa kuti Chikangawa muidutse kukuwala, thirani mafuta ku Lilongwe kapena ku Kasungu osadikira kutsogolo, sipeya ikhale yopopa, jeke ndi sipanala zikhale pafupi osati pansi pa katundu, ndipo konzeranitu ndalama ya mageti awiri. Ine Lachisanu likubwerali ndikunyamukanso, achemwali aitanitsa mabelo awiri a zitenje.