Mpeni wa fillet wa masentimita 19: umaidziwa ntchito pa sockeye, koma chigwiriro chimaterera

Nyenyezi zinayi mwa zisanu. Mpeni tikunenawu ndi wodulira fillet, kutanthauza mnofu wa m'mbali mwa nsomba wochotsedwa pamafupa. Ndi wa masentimita 19, wa chitsulo chosachita dzimbiri, chigwiriro chake cha mtengo wa birch wopaka vanishi, ndipo umabwera ndi chimake cha chikopa komanso kachonolera kakang'ono. Taugwiritsa ntchito pa sockeye ndi coho, mitundu iwiri ya nsomba yotchedwa salmon, zongovuulidwa kumene mumtsinje wa Kenai ku Alaska. Nyenyezi yachisanu yachoka chifukwa cha chigwiriro.

Chomwe chatisangalatsa kwambiri ndi mmene chitsulo chake chimapindikira. Kufupi ndi chigwiriro n'cholimba, kunsonga n'chofewa. Salmon imafuna zonse ziwiri: mbali yolimba yodulira nthiti, ndi nsonga yofewa yoyenda pansi pa nthitizo komanso pakati pa khungu ndi mnofu. Mipeni ina yofewa kuyambira kuchigwiriro imakwera pamwamba pa fupa la msana ikangokumana ndi nthiti yoyamba, ndiye mumapeza mnofu wochuluka watsalira pafupa. Uwu sutero.

Utali wake ndi wokwanira bwino sockeye ya makilogalamu 2.5 mpaka 3. Muyeso wake ndi wosavuta: mukaugoneka mopingasa pamalo otakata kwambiri a nsomba, nsonga izitulukira kumimba chigwiriro chili kumsana. Pa coho ya makilogalamu 5 umangokwana movutikira, ndipo mumakakamizika kucheka kawiri pomwe mukanadutsa kamodzi. Za king salmon, mtundu waukulu kwambiri wa salmon, musaganizire n'komwe. Mtsinje wa Kenai womwewu ndi umene msodzi wina, Les Anderson, anagwiramo ya makilogalamu 44 mu 1985, ndipo ngakhale ya theka la theka la imeneyo imafuna mpeni wina.

Musanaudandaule mpeni, onani kaye mmene mwasamalira nsomba, chifukwa fillet yambiri imawonongekera m'mphepete mwa mtsinje. Nsomba ikangotuluka m'madzi, imenyeni pamutu, dulani makha ndipo muisiye m'madzi ozizira mphindi 5 mpaka 10 kuti magazi atuluke mtima ukadagunda. Magazi otsalira amachita madontho akuda mumnofu, ndipo ndi amene amayambitsa fungo ikakhalitsa mufiliji. Kenako itumbuleni, mupale ndi supuni mzere wakuda uja womata pafupa la msana mkati mwa mimba. Imeneyo ndi impso, ndipo ndiyo imayamba kuvunda. Dzazani ayisi m'mimbamo. Mnofu wa salmon si wolimba ngati wa chambo. Ukangofunda pang'ono umafewa, mpeni n'kumaukankha m'malo moucheka. Komanso musainyamule pogwira mchira wokha, ndipo ikauma gwa itafa musaiwongole mokakamiza. Mukatero timinyewa tolumikiza zigawo za mnofu timaduka, fillet n'kutuluka yong'ambikang'ambika, mipata yoyasama ponseponse. Ambiri amati ndi mpeni wobuntha pomwe vuto linachitika kale mu cooler, bokosi losungiramo nsomba pa ayisi.

Pathabwa yalani nsalu yonyowa kapena pepala kuti nsomba isayendeyende, ndipo pukutani zoterera za pakhungu. Igonekeni msana utaloza kwa inu. Chekani kuseri kwa chivundikiro cha makha ndi chipsepse cha pachifuwa, mpeni utapendekera kumutu kuti musataye mnofu wonenepa wa pakhosi, mpaka mumve fupa la msana. Musalidule. Pamenepo tembenuzani mpeni ugone, kuthwa kwake kuloze kumchira. Dzanja lina likweze pang'ono nyama ya kumimba kuti nsonga isaibowole. Tsopano kokani mpeni kulowera kumchira, mbali yolimba ija ikudula nthiti. Mudzamva kuti the-the-the pamene ikudutsa imodziimodzi. Chitsulo chikhale chopendekera pansi pang'ono kwambiri, chizikhudza fupa ulendo wonse. Chikapendekera m'mwamba mutaya mnofu, chikapendekera pansi kwambiri chidula msana n'kulowa mbali inayo. Kokani motalika, kawiri kapena katatu basi. Kucheka mobwerezabwereza kumasiya masitepe pamnofu.

Mbali yachiwiri ndi imene imavuta aliyense, popeza nsomba yataya chotsamira, fupa la msana limagwera pansi ndipo mpeni umasowa poyenda. Njira yomwe imathandiza ndi kusamaliza mbali yoyamba: isiyeni yolumikizika kumchira, muibwezere pamalo pake, mutembenuze nsomba yonse, mudule mbali yachiwiri ili ndi chotsamira, kenako mumasule zonse ziwiri. Musachotse mutu musanamalize, ndi pogwira panu.

Pochotsa nthiti ndi pomwe mpeniwu umaposa ina. Lowetsani nsonga pansi pa mitu ya nthiti, kuthwa kutapendekera m'mwamba kukankha nthitizo, osati mnofu. Yendani pang'onopang'ono kutsikira kumimba. Mukamachita bwino, chitsulo chimaonekera kudzera mu kachikopa kopyapyala ka nthiti. Mukasiya kuchiona, ndiye kuti mwalowa kwambiri ndipo mukudula nyama yodya. Nthiti zonse zimachoka ngati kachinsalu kamodzi. Dulaninso mzere wa mafuta oyera kumsana pomwe panali chipsepse, ndi kachipsepse ka kumimba pamodzi ndi kafupa kake.

Minga ing'onoing'ono ya pakati pa fillet si ntchito ya mpeni uno, ngakhale ena amaidula mzere wonse mwa V. Kutero n'kuwononga mbali yonenepa kwambiri. Mingayi imandanda kuyambira kumutu mpaka kupitirira pang'ono pakati. Chigawo cha kumchira chilibe. Yendetsani chala kuchokera kumutu kupita kumchira kuti nsonga zake zidzuke, muzule ndi pulayala yosongoka kukamwa, mukukokera kumutu motsata mmene munga wagonera, zala ziwiri zitapanikiza mnofu m'mbali mwake. Koma dziwani ichi: pa nsomba ya tsiku lomwelo minga imakhala yogwira kwambiri, imaduka pakati kapena kutuluka ndi nyama. Fillet ikagona pa ayisi tsiku limodzi kapena awiri imazuka mosavuta. Ngati mukuika mufiriza nthawi yomweyo, isiyeni, mudzazule mukadzaisungunula.

Kusenda khungu kumayenda bwino ndithu. Ikani fillet m'mphepete mwa thabwa kuti chigwiriro chikhale kunja, apo ayi zala zanu zimagunda thabwa ndipo chitsulo sichigona. Chekani pang'ono kumchira mpaka pakhungu, gwirani khungulo ndi pepala kapena mchere pazala, mpeni utapendekera pansi pang'ono. Dzanja logwira khungu ndi limene ligwire ntchito, likukoka ndi kugwedeza uku ndi uku, mpeni ukungokhala pamalo. Mafuta otuwa otsalira pansi pa fillet ndi odyeka, kungoti ndi amene amakhala ndi fungo lamphamvu la nsomba. Ife timakonda kusiya khungu pa fillet yopita mufiriza kapena yowamba, chifukwa limagwira mnofu ndi kuuteteza kuti usaume.

Sockeye ya makilogalamu 2.7 ikadulidwa bwino imapereka fillet ziwiri zakhungu zolemera pafupifupi makilogalamu 1.4, kupitirira theka pang'ono. Mukamapeza zochepera kilogalamu imodzi, yang'anani fupa la msana, mnofu wanu uli pamenepo. Ngakhale mutadula bwino, palani fupalo ndi supuni, mupezapo nyama yokwana kukazinga ndi anyezi. Zidutswa za kumimba ndi za pakhosi musataye, ndizo zonona kwambiri pa nsomba yonse, ndipo zikawambidwa zimaposa fillet yeniyeniyo.

Kuthwa kwake: umafika wakuthwa mokwanira kuyamba nawo ntchito. Chitsulo chake ndi chofewerapo, choncho chimabuntha msanga komanso chimanoleka msanga. Izi n'zofunika kwa anthu a dipnet, osodza ndi ukonde womangidwa kunsonga kwa ndodo yaitali. Nyengo ya dipnet pa Kenai ndi kuyambira pa 10 mpaka pa 31 July, ya anthu okhala ku Alaska okha, ndipo mwini nyumba amaloledwa nsomba 25 kuphatikiza 10 pa munthu wina aliyense wa m'banjamo. Banja la anthu anayi likhoza kukhala ndi nsomba 55 zodikira mpeni. Paunyinji wotere, musadikire kuti ubunthiretu. Mukangoona kuti wayamba kukoka khungu m'malo molidula, upititseni pachonolera kangapo. Chomwe chimaubunthitsa kwambiri si nthiti ayi, ndi mchenga womata pakhungu la nsomba yogwera pagombe, choncho itsukeni isanafike pathabwa. Kachonolera kobwera nako kamathandiza kumtsinje, koma kamadya chitsulo ndipo pakapita nthawi kamakumba pakati pa mpeni. Kunyumba gwiritsani mwala, pa madigiri 15 mpaka 20 mbali iliyonse. Musadulire mutu kapena msana ndi mpeni uwu, ndipo nsonga za mchira zomwe lamulo la dipnet limafuna kuti zidulidwe, dulani ndi sizasi.

Tsopano chigwiriro. Chikakhala chouma chimakhala bwino m'manja. Chikangopakika zoterera ndi mafuta a nsomba, vanishi uja amasanduka sopo, ndipo chotchinga chala n'chaching'ono. Zala zitazizira ndi ayisi simumvanso bwino pomwe mwagwira. Ngozi yaikulu ili pamene mukudula nthiti, chifukwa m'pamene mumakankha mwamphamvu. Chipukuteni pakatha nsomba iliyonse, ndipo dzanja logwira nsomba livale golovesi yosadulika ndi mpeni. Kupala chigwirirocho pang'ono ndi sandipepa kumathandiza, kungoti mtengo umayamba kumwa madzi ndipo umafunika kuupaka mafuta pafupipafupi. Amene amadula nsomba zambiri nthawi imodzi angachite bwino kusankha wa chigwiriro cha labala.

Fillet ikatha musaiviike m'madzi, imamwa, kuyera ndi kufewa, ingoipukutani. Zotsala musazisiye pagombe chifukwa zimaitana zimbalangondo, ziduleni tizidutswa muponye pamadzi othamanga, kapena mupite nazo kumalo otayira zinyalala za nsomba. Salmon yochokera m'nyanja ngati iyi ikhoza kukhala ndi nyongolotsi za anisakis, ndiye yodya yaiwisi iyambe yakhala pa madigiri 20 pansi pa ziro kwa masiku 7, ndipo mafiriza ambiri apanyumba safika pamenepo. Yophika ifike madigiri 63 pakati pake.

Chimake cha chikopa chimagwira mpeni bwino palamba, koma chimasunga chinyezi ndi fungo, ndipo mkati mwake simungatsukemo. Musabwezeremo mpeni wamagazi ngakhale kamodzi. Utsukeni pamanja ndi madzi ofunda ndi sopo, osati m'makina otsukira mbale omwe amang'amba chigwiriro, muupukute, uume, ndiye mubwezere. Ngati nsomba zanu zambiri ndi coho za mu August, tengani wa masentimita 23 wa mtundu womwewu.